Kukonza mipando ndi makabati akale nkumakagulitsa pa msika wa zinthu zakale

Anthu ambiri akangomva zokonza mipando yakale amathamangira sandipepa ndi chitini cha vanishi, kupala paliponse mpaka thabwa liyere mbuu kenako kupaka kuti liwale. Apa nde pamene ndalama imatayikira. Munthu amene wabwera pa msika wa zinthu zakale sakusaka chatsopano ayi, akanafuna chatsopano bwenzi atapita kwa kalipentala. Iye akufuna mtundu wakupsa uja umene thabwa limatenga likakhala zaka zambirimbiri likugwidwa ndi manja, kupukutidwa komanso kuwombedwa ndi kuwala, amalonda amautchula kuti patina, ndipo mukaupala subwereranso olo mutatani. Nde zonse ndilembe apazi zakhazikika pa mfundo imodzi: konzani chomwe chawonongeka basi, zinazo zisiyeni mmene zilili.

Poyambira ndi pogula

Mukagula molakwika palibe polishi amene angakupulumutseni, nde tengani nthawi. Nyamulani tochi, tepi yoyezera ndi foni yojambulira. Musamangoyang'ana kumaso kwa kabati, gwadani muone pansi, muone kumbuyo, solani madirowa onse muwatembenuze, chifukwa kumaso anthu amakometsa koma pansi ndi kumbuyo palibe amene amavutika nako ndipo ndi komwe mungaone zaka zenizeni za chinthucho.

Amalonda ambiri amati chinthu ndi antique chikakwana zaka 100, zochepera apo koma zakalebe amazitcha vintage. Zonse zimagulika, bola mudziwe chomwe mwagwira. Yang'anani pa ngodya ya dirowa pamene matabwa awiri alumana ngati mano. Akakhala odula pamanja manowo amakhala ochepa, osafanana kwenikweni, pena mumaona ndi kamzere komwe mmisiri analemba asanacheke. Akakhala ambiri ofanana ndendende ndi a makina, ndipo amenewa anayamba kufala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Misomali ya makona anayi ndi yakale, yozungulira ya waya tikuyidziwayi inafala cha m'ma 1890. Ma screw a mutu wa mtanda aja a Phillips anabwera m'ma 1930, nde mukawapeza ndiye kuti chinthucho sichakale kwambiri kapena wina anachikonzapo pambuyo pake. Mukaona chipboard, matabwa a utuchi wopanikiza aja, dziwani kuti ndi cha pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tebulo lozungulira liyezeni mbali ziwiri, thabwa limafota m'mimba mwake osati m'litali, nde tebulo lakaledi limapezeka kuti mbali ina yachepa pang'ono.

Sakaninso chidindo kapena kapepala ka amene anapanga, kawirikawiri kamakhala pansi pa mpando kapena mkati mwa dirowa, ndipo mukakapeza musakanyowetse, musakamatule. Mwachitsanzo mipando ya mitengo yopinda ya kampani ya Thonet, ija ya nambala 14 inayamba kupangidwa mu 1859, inapangidwa mamiliyoni ambiri ndipo mafakitale enanso ankatengera, nde ukale wokha siutanthauza kuti ndi chosowa, koma chidindo chenicheni chimakweza mtengo.

Chenjerani ndi kabati yomwe chapamwamba ndi chapansi zinachokera kosiyana wina nkungozikwatitsa, mudzaona matabwa akumbuyo osafanana ndi mabowo a ma screw opanda ntchito. Chilichonse chokhala ndi mnyanga wa njovu kapena chigoba cha kamba wa m'nyanja ine ndimati chisiyeni, malamulo a CITES, mgwirizano wa mayiko woteteza nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yotha, ndi a mayiko ambiri ndi okhwima pa malonda a zimenezi, ngakhale mitengo ina monga rosewood ya ku Brazil ili pa mndandanda woletsedwa kuyambira 1992. Funsani wogulitsayo komwe katunduyo anachokera ndipo mulembetsane lisiti, zimakutetezani ngati atadzapezeka kuti ndi wakuba, komanso mbiri ya chinthu imathandiza pogulitsa.

Ngati mukungoyamba, yambani ndi zing'onozing'ono: kampando, katebulo ka pambali pa bedi, bokosi, kalilole wa felemu yamatabwa. Makabati akuluakulu akuda aja amavuta kunyamula ndipo amachedwa kutuluka chifukwa nyumba zambiri masiku ano malo ndi ochepa.

Mukafika nacho, musachilowetse kaye

Onani ngati sichinafumbwe. Timabowo ta milimita 1 kapena 2 ndi ta tizilombo toboola matabwa, koma bowo lokha silikuuzani kuti tikadalimo. Ikani chinthucho pa pepala lakuda, chigogodeni, chisiyeni masiku angapo, mukaona ufa woyera watsopano ukugwa ndiye kuti tizilombo tikadalimo. Pakani mankhwala a permethrin kapena a boron mbali zonse zopanda vanishi, ena muwabayire m'mabowomo ndi jakisoni, ndipo chikhale patali ndi katundu wanu wina. Mphutsi zake zimakhala mkati mwa thabwa zaka zingapo zisanatuluke, nde muzionabe kangapo. Mwendo womwe mukaudina ndi chala ukungobooka ndi wotha, umenewo umafunika kusintha ndipo muwerengeretu ntchitoyo musanagule. Chikakhala kuti chachokera pachinyontho chiume pang'onopang'ono pamthunzi, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto, chingang'aluke.

Jambulani zithunzi mbali zonse musanagwire chilichonse. Chomwe mwamasula chilembeni nambala pa masking tape, ndipo screw iliyonse ibwerere pa bowo lake, zakale sizifanana.

Kutsuka

Apa mpamene ambiri amadabwa, chifukwa chinthu chomwe amachiona ngati chofunika kupala chimapezeka kuti chinangoda ndi litsiro la zaka zambiri, utsi ndi phula lakale. Yambani ndi bulashi yofewa kuchotsa fumbi. Kenako madzi ofunda ndi kadontho ka sopo, nsalu muifinye kwambiri, pukutani kachigawo kakang'ono nkuumitsa pomwepo ndi nsalu ina, madzi asakhazikike makamaka pa veneer, kachikopa ka thabwa komata pamwamba, ndi m'malumikiziro. Litsiro lamafuta ndi phula lakale zimachoka ndi white spirit, mankhwala osungunulira penti wamafuta, amene nthawi zambiri sasungunula vanishi kapena chopaka chakale chotchedwa shellac, komabe yesani kaye pobisika. Mukatha chisiyeni tsiku limodzi muchione bwinobwino masana, mwina ntchito yotsala ndi phula lokha.

Dziwani chomwe anapaka

Osaphonya sitepe iyi. Nyowetsani kathonje ndi sipiriti, methylated spirit uja, mukhudze pamalo obisika. Pakafewa nkumata ndiye kuti ndi shellac, yemwe amachokera ku utomoni wa kachilombo kena ka ku India ndi Thailand, ndipo ndi amene amapezeka pa mipando yambiri ya m'ma 1800 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1900. Pakapanda kusintha yesani thina wa lacquer, chopaka china chouma msanga, pakasungunuka ndi lacquer, amene anafala kuyambira m'ma 1920. Zonse ziwiri zikakanika ndi vanishi wamafuta kapena polyurethane. Kudziwa zimenezi nkofunika chifukwa shellac ndi lacquer zimakonzeka osachotsa, pomwe polyurethane akawonongeka sasungunukanso.

Kulimbitsa thupi lake

Mpando wogwedera ndi ntchito yomwe mudzakumane nayo kwambiri, ndipo ndi yomwenso imawonongedwa kwambiri. Osakhomera misomali, osaika zitsulo za ngodya, osangofinyira guluu pamwamba pa wakale, guluu watsopano sagwira pa litsiro ndi guluu wouma. Phwasulani malo ogwederawo pogogoda pang'onopang'ono ndi hamala ya labala, koma yang'anani kaye ngati palibe kamsomali kapena kachikhomo kobisika, mukamenya kali momo muthyola. Guluu wakale wa zikopa amafewa ndi madzi otentha kapena nthunzi. Palani mbali zonse ziwiri mpaka thabwa lioneke koma osadya thabwalo, liume, kenako yesani kulumikiza popanda guluu muone ngati zikukwana. Pakakhala polobodoka matanipo kachidutswa kopyapyala ka thabwa kuti pathine, osadzaza mpata ndi guluu.

Guluu amene ndimalimbikitsa ndi yemwe uja amisiri akale ankagwiritsa ntchito, wa zikopa ndi mafupa a nyama. Amabwera ngati timibulu, mumaviika m'madzi ozizira mpaka tifufume kenako kutenthetsa kachitini mkati mwa poto wamadzi pa madigiri pafupifupi 60, asawire chifukwa akawira amatha mphamvu. Ubwino wake ngwakuti munthu wodzakonza mtsogolo adzangotenthetsa nkumasula osathyola kanthu, komanso amagwirana ndi wakale wamtundu wake. Vuto lake amagwira msanga akazizira, nde ma clamp, zitsulo zopanira matabwa, akhale okonzeratu pafupi. Aliponso wam'botolo wosafuna kutenthetsa amene amapatsa nthawi yokwanira. Guluu woyera wamba uja amagwira ndithu koma kumasula kwake nkovuta, ndipo guluu wa epoxy m'malumikiziro a chinthu chakale ayi ndithu. Pomanga ikani timatabwa kapena nsalu pansi pa clamp kuti isadinde, mpando mutha kuuzunguliza lamba kapena chingwe nkupotokola ndi kamtengo, uimikeni pansi posalala kuti miyendo yonse inayi igunde, pukutani guluu wotuluka akadali wamuwisi, nkuusiya maola 24.

Dirowa yolimba ipakeni kandulo m'mbali ndi pansi. Ikakhala kuti moyendamo munadyeka, matani kathabwa katsopano pansipo nkupala mpaka iziyenda bwino.

Veneer ndi kachikopa kopyapyala ka thabwa lokongola komwe amamata pamwamba pa thabwa wamba, ndipo si chizindikiro cha katundu wotchipa ayi, zinthu zapamwamba zambiri zakale zili ndi veneer. Gogodani ndi chikhadabo, pomwe pakumveka phwaphwa pamatuka. Ikani pepala pamwamba ndi kudina ndi ayironi yofunda chabe, nthawi zambiri guluu wakale amadzuka nkugwiranso, kenako tsinjikani ndi cholemera mpaka pazizire. Zikakanika chekani pang'ono ndi lezala motsata mizere ya thabwa, lowetsani guluu, ikani pulasitiki kuti thabwa lopanikizira lisamatirire, nkupanikiza. Pomwe pabenthuka pezani kachidutswa ka mtundu womwewo, mizere iyang'ane komweko, ndipo chigambacho muchidule chosongoka mbali ziwiri osati cha makona anayi, chimabisala bwino. Makina a sandipepa asayandikire veneer, wamakono amakhala pafupifupi milimita 0.6 basi ndipo wakale olo ali wokhuthalako mumabowola musanazindikire.

Nkhope yake

Mabanga ozungulira a makapu alipo amitundu iwiri. Oyera ndi chinyontho chomwe chatsekeredwa mu shellac kapena lacquer, thabwa silinakhudzidwe, ndipo kawirikawiri amachoka ndi mpweya wofunda wa dryer ya tsitsi kapena, ngati ndi shellac, kudutsitsa mopepuka nsalu yomwe yangonunkhira sipiriti osati yonyowa. Akuda ndi madzi omwe anafika pathabwa nkukumana ndi chitsulo, amenewa amafuna oxalic acid pathabwa lopanda chopaka, ndi poizoni nde magulovu ndi magalasi, ndipo nthawi zambiri ine ndimaona kuti kuli bwino kungolisiya bangalo kusiyana ndi kuvula tebulo lonse. Pa chifukwa chomwechi musagwiritse steel wool pathabwa la oak lopanda chopaka, tizidutswa ta chitsulo tikatsalira nkunyowa pamada.

Shellac wong'alukang'aluka amatha kusungunulidwa pomwepo: dutsitsani bulashi yofewa ya sipiriti mopepuka motsata mizere, amafewa nkugwirananso. Ngati waperepeseka onjezerani watsopano. Sungunulani magalamu 120 a shellac wouma mu lita imodzi ya sipiriti kuti akhale wopepuka, kapena 240 kuti akhale wokhuthalako, musefe, ndipo sakanizani wochepa chifukwa akakhalitsa miyezi yambiri sauma bwino. Pangani kampira ka thonje kokulunga mu nsalu yosathothoka ubweya, thirani shellac mkati mwa thonjelo osati kunja, nkumayendetsa mozungulira kenako motsata mizere. Lamulo lake ndi loti kampirako kasaime pathabwa olo sekondi imodzi, kakaima kamadya zomwe mwapaka kale nkusiya chipsera. Pakani mopyapyala kambirimbiri, pakayamba kukoka siyani mudzapitirize mawa. Iyi ndi imene amati French polish, ndipo yambani kuphunzirira pa thabwa lotaya musanakhudze katundu wogulitsa.

Pomaliza phula la njuchi la mipando, pang'ono kwambiri, dikirani liume kenako pukutani ndi nsalu yofewa mpaka lipereke kuwala kofatsa kuja. Timabowo ta tizilombo ndi timikwingwirima mutha kutseka ndi phula lolimba la mtundu wofanana ndi thabwa. Mapolishi opopera okhala ndi silicone apeweni, amalowa m'ming'alu ndipo chopaka chilichonse chamtsogolo chimakana kugwira.

Kuvula zonse mpaka thabwa kukhale komaliza, ngati wina anapaka penti wamakono pamwamba kapena chopaka chakale chinatheratu. Ndipo penti akakhala kuti ndi woyambirira weniweni wa chinthucho musamuchotse, ogula ambiri amafuna yemweyo olo ali wosupukasupuka. Penti wakale amatha kukhala ndi mtovu, ku America anauletsa mu penti wa m'nyumba mu 1978 ndipo mayiko ena anachedwa kuposa apo, nde osapala pouma, osawotcha, fumbi lake ndi loopsa makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Mankhwala ochotsera penti okhala ndi dichloromethane analetsedwa kugulitsa kwa anthu wamba ku Ulaya ndi ku America chifukwa mpweya wake unaphapo anthu, werengani chitini musanagule ndipo gwirani ntchitoyi panja. Nsanza zomwe zanyowa ndi mafuta opaka matabwa a linseed zimatha kuyaka zokha zikaunjikidwa, ziyanikeni motambasula panja kapena ziviikeni m'madzi.

Zogwirira ndi mahinji yesani ndi maginito, mkuwa weniweni sukoka, zikakoka ndi chitsulo chongokutidwa ndipo mukakwecha kwambiri mtunduwo uchoka. Masulani, tsukani ndi sopo, walitsani pang'ono chabe kusiya kuda kwa m'makwinya. Chogwirira chikasowa sakani chakale chofanana, osaboola mabowo atsopano. Za nsalu ndi masipuling'i a mipando yawofowofo ndi luso lina palokha, poyamba perekani kwa odziwa.

Mtengo ndi kapepala

Khalani ndi kabuku. Chinthu chilichonse tsamba lake: munagula zingati, zipangizo, mayendedwe, maola omwe mwagwira, ndi gawo lake la ndalama yolipirira malo pamsika. Ambiri amaiwala maola awo kenako nkumadabwa kuti katundu akutuluka koma mpamba sukukula. Pofufuza mtengo pa intaneti yang'anani zomwe zinagulidwadi monga zotsatira za okushoni, osati mitengo yomwe anthu angolemba, chifukwa aliyense atha kulemba chomwe akufuna. Ndipo musanalipire malo pitani kaye pa msikawo ngati wogula, muone zomwe anthu akutuluka nazo m'manja, misika ina ndi ya osonkhanitsa zinthu zodula, ina ndi ya anthu ofuna kokongoletsa nyumba, ndipo katundu wake ngosiyana.

Pa kapepala ka mtengo lembani kuti ndi chiyani, thabwa lanji ngati mukulidziwa, cha m'zaka ziti, ndi zomwe mwakonza. Ngati mwendo umodzi ndi watsopano lembani. Ngati changopangidwa motengera kalembedwe ka mmisiri wina wotchuka nenani choncho, osachipatsa dzina lomwe si lake. Ogula ambiri pa misika imeneyi ndi akatswiri, adzatembenuza mpandowo nkuona okha, ndipo amalonda amadziwana nde mbiri yoti uyu amabisa imayenda msanga. Kukonza kochitidwa bwino nkunenedwa poyera sikuthamangitsa kasitomala ayi, kumamupatsa mtima woti abwerenso.

Tsiku la msika

Polembetsa malo funsani kukula kwake, ngati ndi mkati kapena panja, nthawi yololedwa kutsitsa katundu, ndi pomwe galimoto ingaime. Shellac ndi phula zikhale zitauma masiku angapo musananyamule. Kutani ndi mabulangete akale osati pulasitiki, madirowa atulutseni kapena amangeni, malamba asakhudze thabwa mwachindunji. Tebulo linyamuleni pogwira felemu yapansi osati thabwa lapamwamba, mpando pogwira pokhalira osati chotsamira, ndipo osakoka pansi, miyendo imathyoka choncho.

Fikani molawirira kwambiri. Amalonda anzanu amazungulira anthu wamba asanalowe ndipo malonda ambiri abwino amachitika ola loyambalo, nde pofika nthawi imeneyo mitengo ikhale itamatidwa kale. Musadzaze malo mpaka munthu kusowa poponda, chinthu chanu chokongola kwambiri chikhale kutsogolo, zing'onozing'ono pamwamba pa matebulo koma pansi pake pakhale kansalu, dirowa imodzi ikhale yotsegula kuti anthu aone mkati, ndipo aloleni akhale pampando, munthu akakhala nkumva kuti sukugwedera wayamba kale kuufuna. Ngati muli panja mukhale ndi chotchinga, shellac amayera akanyowa ndipo dzuwa lamphamvu limamatula veneer. M'chikwama mukhale tepi yoyezera popeza aliyense amafunsa ngati chikwane kwawo, nsalu ndi phula, ndalama zosinthira, buku la malisiti, njira yolandirira ndalama pafoni kapena pakhadi, ndi zithunzi zija munajambula musanakonze, anthu amakonda kuziona ndipo zimasonyeza kuti simukubisa kanthu.

Kunenerera kudzakhalapo, nde dziwiranitu mtengo womwe simungatsike kupitirira apo ndipo muulembe m'kabuku kanu. Ambiri amayembekezera kuchotseredwa pafupifupi 10 peresenti, amalonda anzanu amafuna kuposa apo chifukwa nawo akukagulitsa. Musakwiye munthu akatchula mtengo wotsika, muuzeni ntchito yomwe yalowapo nkumusiya aganize, ambiri amazungulira msika wonse nkubwerera. Wina akati musungire, apereke kaye ya chikole ndipo mugwirizane nthawi yodzatenga, apo ayi mudzakaniza ogula enieni tsiku lonse. Ngati mungathe kukasiya katundu kunyumba kwa wogula nenani msanga, zinthu zikuluzikulu zambiri zimakanika kugulidwa chifukwa cha mayendedwe basi. Pa lisiti lembani zomwe zili pa kapepala zija, ndipo muuzeni kasamalidwe kake: phula kamodzi kapena kawiri pachaka, osaika kapu yotentha kapena yonyowa, osachiika padzuwa.

Lembaninso zomwe anthu amafunsa koma mulibe, ndi mndandanda wa zokagula ulendo wotsatira, ndipo amene akufuna asiye nambala kuti mukapeza muwaimbire. Chinthu chomwe chapita ku misika ingapo osagulidwa chitsitseni mtengo kapena chigulitseni kwa wamalonda mnzanu amene ali ndi makasitomala ake, chifukwa ulendo uliwonse chimakalika, chikudya malo, ndipo ndalama yomwe yagona mmenemo ikanagula china choyenda msanga.